Boganivila wa mumphika akungobiriwira, maluwa osaoneka: vuto lili pati?

Mayi wina wa ku Lilongwe watifunsa motere: "Ndimakhala m'nyumba ya lendi, ndiye maluwa anga onse ali m'miphika. Zaka ziwiri zapitazo ndinagula boganivila kwa anyamata ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu, ali psuu. Ndinamuoka mumphika waukulu wa simenti n'kumuika pakhonde. Ndimamuthirira m'mawa uliwonse, ndinamuikira manyowa a nkhuku, ndipo nthawi zina ndimawazamo yureya wotsala kumunda. Wakula ndithu, nthambi zafika kudenga, masamba ali biriwiri, koma maluwa ndi apo ndi apo. Wa aneba anga ali m'chidebe chakale cha penti, samulabadira n'komwe, koma wafiira yense. Ndikulakwitsa pati?"

Mayi, zikomo polongosola bwino chonchi, chifukwa mwandipeputsira ntchito. Choyamba mtima ukhale m'malo: mtengo wanuwo sukudwala, ndipo simunagulitsidwe wabodza. Ukuchita zimene boganivila aliyense amachita akapeza madzi ambiri, chakudya chokulitsa masamba ndi dzuwa lochepa. Amangokula n'kumakwera. Wa aneba anu akuchita maluwa chifukwa ali padzuwa, mizu yake yapanikizika m'chidebe, ndipo amauma kaye asanathiriridwe. Zimene iwo akuchita mosadziwa, inu mukhoza kuzichita mwadala, n'kuwaposa.

Boganivila kwawo ndi ku South America, makamaka ku Brazil ndi maiko oyandikana nako. Azungu anamudziwa m'zaka za m'ma 1760, pamene katswiri wa zomera Philibert Commerson anamupeza kufupi ndi Rio de Janeiro pa ulendo wapanyanja wotsogozedwa ndi Louis Antoine de Bougainville. Chibadwa chake ndi kuyanga pamitengo ina, kugwirira ndi minga, mpaka atatulukira pamwamba pamene pali dzuwa. Akakhala pamthunzi, nzeru yake imakhala imodzi basi, kutalikitsa nthambi kuti akafike powala. Nthambi zanu zofika kudenga zija zikukuuzani zimenezo.

Tengani nthambi imodzi muiyang'anitsitse pamene tsamba lalumikizana ndi tsinde. Mupezapo munga. Pa boganivila, kamphukira kamene kamasanduka munga ndi komweko kamene kamasanduka phava la maluwa zinthu zikakhala bwino. Nthambi yonenepa, yothamanga, yamasamba aakulu otalikirana, imatulutsa minga yokhayokha. Nthambi yokula pang'onopang'ono padzuwa, masamba ake ali pafupipafupi, imatulutsa maluwa pamalo omwewo. Ndipo zofiira timazitcha maluwazi kwenikweni ndi masamba opyapyala amtundu, atatu pamodzi, ozungulira timaluwa tenitenito, toyera, tating'ono, tooneka ngati timachubu. Zonsezi zimabwera pa nthambi zatsopano, chakunsonga. Mfundo imeneyi muisunge, tiifuna tikafika pa kudulira.

Dzuwa ndilo lalikulu pa zonse, ndipo likapanda kukwanira, china chilichonse chimene ndinene pano sichithandiza. Boganivila amafuna dzuwa lomuomba mwachindunji kwa maola asanu kapena asanu ndi limodzi patsiku, ndipo likapitirira apo n'kwabwinonso. Kuwala kwa pakhonde kumatinyenga. Ifeyo timaona kuti pakuwala bwino, tikhoza kusankhapo mpunga, koma kwa mtengo umenewu umenewo ndi mthunzi. Tsiku lina limene muli pakhomo, yang'anani mphikawo ola lililonse kuyambira m'mawa mpaka madzulo, n'kumawerenga maola amene dzuwa likugwera pamasamba penipeni. Anthu ambiri akachita zimenezi amapeza awiri kapena atatu okha, a m'mawa kwambiri kapena a chakumadzulo.

Palinso china chimene ambiri sachiganizira poika miphika. Malawi ali kumwera kwa equator, Lilongwe ali pafupifupi madigiri 14. Ndiye kuyambira chapakati pa Febuluwale mpaka chakumapeto kwa Okutobala, dzuwa la masana limadutsa chakumpoto, ndipo mu Juni ndi Julayi limapendekera kumpotoko kwambiri. Khonde loyang'ana kumwera limakhala mumthunzi wa nyumba miyezi yonseyi, yomwenso ndi miyezi imene boganivila amayenera kuchita maluwa. Khoma loyang'ana kumpoto ndiye malo ake, likatsatiridwa ndi lakumadzulo. Khoma la njerwa kapena pabwalo la simenti pamene pamatentha masana mpaka osapondapo wopanda nsapato, pamene maluwa ena amafota, iye ndi pamene amakondwa. Kufupika kwa usana kumathandizanso. Ku Lilongwe usana wa mu Juni umangopitirira pang'ono maola 11, pamene wa mu Disembala umayandikira 13, ndipo boganivila amafulumira kuphukira maluwa usana ukafupika. Phatikizani zimenezi ndi kuuma kwa chilimwe, muona chifukwa chake mipanda ya mumzinda imafiira kuyambira nthawi yozizira mpaka mvula yoyamba, kenako n'kubwerera kubiriwira m'dzinja.

Musamuchotse pakhonde lero n'kumuika padzuwa la tsiku lonse mawa. Masamba amene anakulira pamthunzi ndi ofewa, amapsa. Muyambe ndi malo a dzuwa la m'mawa kwa sabata imodzi, kenako mumusunthire poyera. Ngakhale mutero, masamba ena ayoyoka ndithu. Musachite mantha n'kuyamba kuthirira kwambiri, chifukwa apa m'pamene ambiri amabwerera m'mbuyo. Atuluka ena aang'ono, okhuthala, ozolowera dzuwa. Mphika wa simenti ndi wolemera, ndiye pezani wokuthandizani, muupendeke n'kumaugubuduza pang'onopang'ono, mutavala malaya a manja aatali. Minga yake imabaya mozama ndipo utomoni wake umayabwa pakhungu la anthu ena.

Pousuntha, suzumirani pansi pake. Nthawi zambiri ndikapita kukaona boganivila wokana maluwa, ndimapeza mphika uli padothi, muzu wonenepa ngati chala utatulukira pabowo n'kulowa pansi, ukumwa madzi a m'ngalande kapena a pampopi wodontha. Mtengo wotere ulinso mumphika m'maso mokha. Ngati wanu ali pasimenti zimenezi sizikukukhudzani, koma kumene mukumupititsako mumusanjikize pa njerwa ziwiri kapena zitatu kuti madzi azituluka bwino ndipo mizu isalowe pansi. Mbale yoika pansi pa mphika muichotse. Madzi okhalitsa m'menemo amaoletsa mizu komanso amaswetsa udzudzu.

Tsopano za madzi. Kuthirira m'mawa uliwonse ndi chizolowezi chabwino ku dimba la mpiru, koma kwa boganivila chilekeni. Lamulo lake ndi lakuti muthirire mokwanira, kenako mudikire dothi liume. Pothirira, thirani pang'onopang'ono mpaka madzi atatulukira pansi. Mukatero musakhudzenso ndowa mpaka mutapisa chala chonse m'dothi n'kupeza kuti ndi louma. Mumphika waukulu ngati wanuwo chala sichifika patali, choncho gwiritsani ntchito kamtengo kouma, kosalala. Kalowetseni mpaka pansi cha m'mbali mwa mphika, kasiyeni mphindi zingapo, n'kukazula. Kakatuluka kakuda, dothi litamatirira, ndiye kuti pansi padakali chinyezi ngakhale pamwamba pakuoneka pouma.

Sindingakuuzeni kuti muzithirira pakapita masiku angati, ndipo amene angakupatseni nambala imodzi ya chaka chonse sakukuthandizani. Mu Okutobala ku Salima, ku Mangochi kapena ku Chikwawa, kamphika kakang'ono kapadzuwa kamauma tsiku limodzi. Mu Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu, kapena ku Thyolo nthawi ya chiperoni, mphika waukulu ukhoza kukhala ndi chinyezi kupitirira sabata. Mphepo ya mwera imaumitsa msanga kuposa m'mene kuzizira kwake kumaonetsera. Dothi ndi mtengowo ndi zimene zizikuuzani.

Kuti ayambe maluwa, ogulitsa mbande odziwa ntchito yawo amamuumitsa mwadala, ndipo inunso muchite chimodzimodzi akazolowera dzuwa. Musiyeni osathirira mpaka nsonga zanthete zitayamba kuwerama pang'ono. Muziyang'ana m'mawa, osati masana, chifukwa dzuwa likaswa mtengo nsonga zimawerama ngakhale dothi lili lonyowa. Mukaona zawerama m'mawa, thirirani mokwanira tsiku lomwelo. Bwerezani zimenezi kwa milungu itatu kapena inayi. Mudzaona kunsonga timasamba ting'onoting'ono tambee, topindika, tikuyamba kutenga mtundu. Zikafika apo, lekani kumufotetsa. Muzithirira dothi likangouma, chifukwa mtengo umene wayamba maluwa ukauma mopyola muyeso umayoyola maluwawo asanakule. Cholinga ndi kumuletsa kuthamanga, osati kumuzunza mpaka masamba kuuma gwa.

Ndichenjeze owerenga ena pano: njira youmitsayi ndi ya boganivila, musaitengere ku maluwa onse a mumphika. Hibisikasi, uja wa maluwa aakulu okhala tsiku limodzi kapena awiri, akasowa madzi amagwetsa maluwa asanamasule. Gadeniya naye amafuna chinyezi chosadukiza ndipo sagwirizana ndi phulusa.

Madzi otsukira mbale ndi ochapira musamathire mumphika. Pansi, dothi lambiri limatha kumeza sopo ndi mchere, koma mumphika zimangounjikana. Mukaona zoyera zouma m'mphepete mwa mphika kapena pamwamba pa dothi, umenewo ndi mchere wa feteleza kapena wa madzi a pamjigo. Kamodzi pa miyezi ingapo thirani madzi ambiri oyera, makamaka a mvula ngati munasunga, mpaka atadutsa n'kutsuka dothilo.

Yureya uja ndiye mumubwezere kumunda wa chimanga. Ali ndi nayitirojeni 46 pa 100 alionse, popanda china chilichonse, ndipo ntchito ya nayitirojeni ndi kukulitsa masamba ndi nthambi. Manyowa a nkhuku nawonso ndi amphamvu pa nayitirojeni yemweyo. Alimi amadziwa zimene tomato wodzalidwa pamalo a khola lakale amachita: amakula kuposa munthu, masamba bii, zipatso zowerengeka. Boganivila wanu ali m'khola lotero. Kwa miyezi iwiri kapena itatu ikubwerayi musamupatse chakudya chilichonse. Ngati manyowa akuonekabe pamwamba, apaleni ndi manja mosamala n'kuikapo dothi wamba. Otsalawo atha okha ndi kuthirira.

Sindikunena kuti azikhala ndi njala moyo wake wonse. Mtengo wa mumphika ulibe kwina kokafuna chakudya, ndipo kuchita maluwa kumadya mphamvu. Akayamba kuonetsa mtundu, mupatseni feteleza amene nambala yake yoyamba pathumba ndi yaing'ono poyerekeza ndi zinazo. Nambala zitatu zija zimaimira nayitirojeni, fosifolasi ndi potaziyamu motsatana. Feteleza wokulitsa chimanga amene timamudziwa, woyamba ndi 23, nayitirojeni wake ndi wochuluka kwa duwa ili. D Compound amene alimi a fodya amagwiritsa ntchito ndiye woyenerera, chifukwa nayitirojeni wake ndi wochepa ndipo ali ndi potaziyamu wokwanira. Mumphika wa malita 20, supuni yaing'ono ya tiyi imodzi ikukwana, kamodzi pamwezi kapena pa milungu isanu ndi umodzi. Muwaze m'mphepete mwa mphika, kutali ndi tsinde, dothi lili lonyowa, n'kuthirira pang'ono. Feteleza pa dothi louma amatentha mizu.

Phulusa la nkhuni lili ndi potaziyamu, n'zoona, koma limachotsa kuwawasa kwa dothi pamene boganivila amakonda dothi lowawasa pang'ono. Kadzanja kang'ono kamodzi kapena kawiri pachaka sikalakwika. Kupitirira apo, makamaka ngati madzi anu ndi a pamjigo, masamba atsopano amayamba chikasu, mitsempha yokha n'kutsala yobiriwira, kusonyeza kuti mtengo ukulephera kutenga ayironi m'dothi. Za makoko a nthochi, zikamba za mazira, masamba a tiyi ndi madzi a shuga zimene zimayenda pa Facebook ndi pa WhatsApp, maganizo anga ndi akuti makoko ndi zikambazo zipite pa dzenje la kompositi zikaole kaye. Mumphika zimaitana nyerere, ntchentche ndi chiswe, ndipo palibe chimodzi mwa izo chimene chingalowe m'malo mwa dzuwa.

Nkhani ya mphika ndi yofuna kuganiza bwino. Boganivila amachita maluwa ambiri mizu yake ikadzaza mphika. Inu munatenga mbande ya m'kapepala n'kuiika mumphika waukulu, ndiye chaka choyamba chonse inali kalikiliki kuyala mizu, ndipo dothi lopanda mizu limasunga madzi nthawi yaitali. Koma pano papita zaka ziwiri, mizu iyenera kuti yafika patali, choncho sindikulangizani kumuzula. Mizu ya boganivila ndi yopyapyala, yosachedwa kuduka, ndipo siigwira dothi pamodzi ngati ya mitengo ina. Mukamukoka ndi tsinde, dothi limagumuka n'kupita ndi mizu, mtengo n'kufa kapena kudwala miyezi. Musiyeni m'menemo, mungokonza dzuwa ndi madzi.

Chimene chingandisinthitse maganizo ndi dothi. Mukathira madzi n'kuona akukhala pamwamba nthawi yaitali osalowa, kapena dothi likauma likung'aluka ndi kulimba ngati njerwa, ndiye kuti munaika makande kapena dothi la pachulu. Onaninso mabowo a pansi, chifukwa miphika ina ya simenti imabwera ndi kabowo kamodzi kakang'ono kamene kamatsekeka. Yambani n'kutsegula bowolo ndi kachitsulo. Zikakanika, mumusamutse nyengo yozizira ikamatha, chakumapeto kwa Ogasiti kapena mu Sepitembala. Muthirire dzulo lake, mugoneke mphika cham'mbali, n'kumutulutsa ndi dothi lake lonse mukuligwirira pansi. Dothi latsopano likhale magawo awiri a dothi lapamwamba la m'munda, gawo limodzi la mchenga wokhakhala wa kumtsinje, ndi gawo limodzi la kompositi yoolerana bwino. Mankhusu a mpunga kapena makala ophwanyaphwanya pang'ono amathandiza kuti mpweya uzilowa. Mphika watsopano ungoposa mizu ndi zala ziwiri kapena zitatu mbali zonse, ndipo tsinde lisakwiririke kuposa m'mene linalili. Kuyala miyala yambiri pansi pa mphika sikuthandiza madzi kutuluka monga ambiri amaganizira. Chofunika ndi mabowo okwanira ndi dothi lotayana. Kaphale kamodzi pabowo kuti dothi lisatuluke n'kokwanira.

Pa kudulira, zolakwika zimakhala ziwiri zosiyana. Ena sadulira n'komwe, ndiye amakhala ndi zingwe ziwiri zitatu zazitali, nsonga zochepa, maluwa ochepa. Ena amameta mlungu uliwonse kuti mtengo uzioneka wozungulira bwino, osadziwa kuti akudula nsonga zomwe zikanachita maluwa. Ngati pakhomo pali wothandiza ntchito zapanja, mumufotokozere bwinobwino, chifukwa iye anaphunzitsidwa kuti mpanda wosameta ndi ulesi. Kwa inu, pomusamutsira padzuwa, fupikitsani nthambi zazitali zija ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena theka ngati zanyanya, podula pamwamba pang'ono pa tsamba. Nthambi zonenepa zaminga ikuluikulu zochokera pansi muzichotseretu patsinde. Mphukira zatsopano zikatalika ngati chikhatho, tsinani kansonga ndi zikhadabo kamodzi kokha kuti zichite mphanda, kenako zisiyeni. Nthambi imene mukufuna kuisunga yaitali, muimangirire chopingasa pa waya kapena pa nsungwi m'malo moilola kuloza kumwamba. Ikagona chonchi imatulutsa timphukira tambiri m'litali mwake, ndipo kalikonse kamakhala ndi mwayi wa maluwa. Maluwa akatha n'kuyamba kuuma ngati mapepala, dulani pang'ono kuseri kwake kuti ena abwere. Kudulira kwakukulu muzichita kamodzi pachaka maluwa aakulu akatha, osati pamene nyengo yake ikuyandikira.

Tizilombo si tomwe tikukumanani maluwa, koma muziyang'ana kunsonga ndi kuseri kwa masamba. Nsabwe zimaunjikana pa mphukira zanthete, makamaka pa mtengo wodya nayitirojeni wambiri, ndipo tina toyera ngati thonje, tofanana ndi kodikodi wa chinangwa, timabisala m'mphanda. Nyerere zikamakwera ndi kutsika, tsatirani kumene zikupita. Madzi a sopo wochepa opopera madzulo, kubwereza pakapita masiku angapo, amakwana. Mbozi zodya masamba usiku muzitole ndi manja.

Dzinja likafika, madzi simungawalamulenso ngati mphika uli pamtetete, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale maluwa adzachepa. Zimenezo n'zachilengedwe. Ngati pali malo pansi pa msomo wa denga pamene dzuwa limafika koma mvula yambiri siigwerapo, muikeni pamenepo, kutali ndi pamene madzi a padenga amagwera. M'miyezi imeneyi feteleza achepe kapena asakhalepo. Amene ali kumalo kogwa chisanu choundana, monga madera ena okwera a ku Dedza kapena abale athu a ku Johannesburg, ayandikize mphika kukhoma lakumpoto mu Juni ndi Julayi, ndipo nthambi zopsa ndi chisanu asadule mpaka kutafunda.

Mukayamba zonsezi mvula itangotha, mu Epulo kapena Meyi, yembekezerani mtundu woyamba pakapita mwezi umodzi ndi theka kapena miyezi iwiri, ndipo maluwa ochuluka mu Ogasiti mpaka Okutobala. Mukayamba m'dzinja, dzuwa ndi kudulira zichitike pompano, koma kuumitsa kudikire mvula ithe. Popeza munamugula ali ndi maluwa, tikudziwa kuti ndi mtundu wotha kuchita maluwa ali mumphika. Amene anadula nthambi pa mpanda waukulu wa kwa mnansi angafunike kudikira kwambiri, chifukwa mitundu ina yothamanga imafuna kukula kaye ndipo imachita maluwa kamodzi kokha pachaka, m'chilimwe. Ngati pakhomo panu palibe malo alionse opeza dzuwa la maola asanu, boganivila sadzakusangalatsani pamenepo ngakhale mutatani. Zikatero mumuike kunja kwa geti kapena mumupereke kwa m'bale amene ali ndi bwalo lowala, ndipo pakhondepo muikepo begoniya kapena zomera za masamba okongola zimene zimakonda mthunzi.